Valentino Rossi: mnzanu wa pasiteji akunama pati, akulasa pati?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mbale wina wa kabaza wa njinga yamoto ku Salima. Akuti anamata nambala 46, ya katswiri wa mipikisano ya njinga zamoto wa ku Italy Valentino Rossi, pathanki ya njinga yake, ndipo chimatireni sakumwa madzi pasiteji yawo ya pa Kamuzu Road. Mnzake amamuseka kuti Valentino Rossi anali wongotchuka chabe: ankapambana chifukwa cha njinga za Honda, pofika 2021 pomwe ankasiya MotoGP (gulu lalikulu la mipikisano ya njinga zamoto padziko lonse) n'kuti ali wotsalira kumbuyo, ndipo Marc Márquez amamuposa kutalitali. Funso lake n'lakuti: "Kodi mkuluyu analidi katswiri woposa onse, kapena ndingomatula sitikayi?"

Achimwene, sitikayo isiyeni pomwepo. Koma mnzanuyo musamuyese wabodza pa zonse, chifukwa pena akulasa ndithu.

Mukatsutsana naye powerengetsana zikho, muluza. Rossi ali ndi zikho 9 za dziko lonse: cha gulu la njinga zazing'ono za 125cc mu 1997, cha 250cc mu 1999, ndi 7 za gulu lalikulu pakati pa 2001 ndi 2009. Giacomo Agostini, wa ku Italy komweko, ali ndi 15, ndipo anapambana mipikisano 122 pomwe Rossi analekera pa 115. Márquez naye anakwanitsa 9 mu 2025. Chomwe Rossi anaposa nacho onse pofika tsiku lopuma ndi mipikisano 89 yomwe anapambana m'gulu lalikulu lokhalo. Ndi yambiri, inde, koma mnzanuyo adzangoti munthu wokhala zaka 26 pampikisano angalephere bwanji kuunjika.

Pomwe mnzanuyo wagwa nayo ndi pa nkhani ya Honda.

N'zoona kuti mu 2002 ndi 2003 Rossi ankakwera njinga yoposa zonse, ya masilinda asanu, ndipo anthu ankayankhula zomwezi: aliyense atha kupambana pa njinga imeneyo. Iye zinkamuwawa, makamaka poona kuti eni njingawo nawo ankaoneka kuti akuganiza choncho. Ndiye kumapeto kwa 2003, ali ndi chikho m'manja, anasiya Honda n'kupita ku Yamaha. Chaka chimenecho Yamaha sinapambaneko mpikisano ndi umodzi womwe, ndipo chikho cha gulu lalikulu inachigwira komaliza mu 1992 ndi Wayne Rainey. Zili ngati inu kubweza kiyi wa njinga yatsopano kwa bwana, n'kukatenga yomwe anzanu onse pasiteji anaikana kuti siyikoka pamtunda. A Honda nawo anamugwira pa kontrakiti mpaka chaka chitheretu, moti njinga ya Yamaha anayamba kuiyesa mu Januwale 2004.

Mpikisano woyamba wa chakacho unali kwathu kuno ku Africa, ku Welkom m'dziko la South Africa, pa 18 Epulo 2004. Ngati muli ndi bandulo, ufufuzeni pa YouTube muuonere limodzi ndi mnzanuyo. Rossi ndi Max Biaggi, yemwe anali pa Honda komanso anali mdani wake weniweni, anasiya ena onse kumbuyo n'kumalandana malo oyamba kona ndi kona mpaka kumapeto. Rossi anadutsa pamzere womaliza patsogolo ndi kachigawo kochepa ka sekondi. Atatero anaimitsa njinga m'mbali mwa msewu, anaitsamiritsa, n'kukhala pansi pafupi nayo atazolika mutu, mapewa akugwedezeka. Oonera ankati akulira. Mwini wake anadzanena kuti m'chisotimo ankaseka. Podzuka anapsompsona njingayo kutsogolo. Anakhala munthu woyamba m'gulu lalikulu kupambana mipikisano iwiri yotsatizana pa njinga za makampani awiri osiyana, ndipo chakacho anatenga chikho, n'kubwereza mu 2005. MotoGP sinabwererenso ku Africa chichitikireni zimenezo.

Komabe musathamange n'kunena kuti wokwera ndiye zonse. Rossi sanapite yekha ku Yamaha. Anatenga Jeremy Burgess, mkulu wa amakaniko ake, pamodzi ndi anyamata ake angapo, ndipo anapeza injiniya Masao Furusawa atakonza injini ya mtundu wina yotulutsa mphamvu mofatsa, kuti tayala lakumbuyo lisamaterereke potuluka pakona. Zomwe zimachitika thandizo lotere likasowa zinaoneka mu 2011 ndi 2012, atapita ku Ducati. Zaka ziwiri zathunthu osapambanako olo kamodzi, akungodandaula kuti kutsogolo kwa njinga sakukumva. Chonsecho Casey Stoner anatenga chikho pa Ducati mu 2007. Apa mnzanuyo akakupanikizani, vomerani basi.

Zoti anathera kumbuyo n'zoonanso. Chikho chomaliza ndi cha 2009, anapambana komaliza ku Assen mu 2017, ndipo chaka chake chotsiriza anathera pa nambala 18. Ine ndimaona kuti anachedwa kusiya ndi zaka ziwiri kapena zitatu. Koma musaiwale kuti mu 2014, 2015 ndi 2016 anali wachiwiri padziko lonse, akulimbana ndi anyamata omwe ankamuonera pa TV ali ana. Ndipo ku Valencia mu Novembala 2021, ali ndi zaka 42, anamaliza pa nambala 10 pa njinga zopitirira makilomita 300 pa ola. Nkhalamba yongokakamira siifika pamenepo.

Pali banga limodzi lomwe okonda 46 safuna kulimva: Sepang, ku Malaysia, mu 2015. Rossi ankatsogola pa mapointi, kutatsala mipikisano iwiri. Kutatsala masiku ochepa, pamaso pa atolankhani, ananena kuti Márquez akuthandiza mwakabisira Jorge Lorenzo, yemwe ankalimbirana chikho ndi Rossi. Tsiku la mpikisano awiriwo anapanikizana koopsa, kenaka Rossi anachepetsa liwiro pakona, kucheukira Márquez, n'kumukankhira kunja kwa mzere. Anakhudzana, Márquez anagwa. Zoti anamuponda ndi mwendo kapena ayi anthu akukanganabe mpaka lero. Chilango cha Rossi chinali kuyambira kumbuyo kwenikweni pa mpikisano womaliza ku Valencia. Anapitirira anthu ambirimbiri mpaka kufika pa nambala 4, koma Lorenzo anatenga chikho ndi mapointi 5 okha. Kwa ine, moto umenewu anauyatsa ndi Rossi ndi pakamwa pake. Nkhondo ya mawu inamuthandiza kufooketsa Biaggi ndi mdani wake wina Sete Gibernau, koma pa Márquez inamutembenukira, ndipo chikho cha nambala 10 chinapita pomwepo.

Tsono za zomwe Rossi wasiya. Zina n'zazing'ono, monga kutulutsa mwendo pomanga mabuleki polowa pakona, komwe pafupifupi onse a MotoGP anatengera kwa iye. (Musakayese pamsewu wa ku Senga Bay mutanyamula mayi ndi beseni la usipa. Anyamata aja amavala zikopa thupi lonse, ndipo kutsogolo kwawo sikudutsa mbuzi.) Chachikulu chili kumudzi kwawo ku Tavullia. Mnzake wapamtima Marco Simoncelli atamwalira pa ngozi ku Sepang mu 2011, ngozi yomwe Rossi mwini anali m'modzi mwa awiri omwe analephera kumupewa, Italy inatsala yopanda achinyamata odalirika. Rossi anatsegula sukulu ya VR46 Riders Academy, ndipo pamalo ake pali msewu wadothi pomwe anyamata amapikisana naye iye mwini, fumbi lili koboo. Munthu wophunzira pa dothi saopa njinga ikayamba kuterereka. M'sukulu imeneyi munatuluka Franco Morbidelli, ngwazi ya Moto2 (gulu lapansi pa MotoGP) mu 2017, ndi Francesco Bagnaia, yemwe anatenga Moto2 mu 2018 kenaka MotoGP mu 2022 ndi 2023. Bagnaia anali Mtaliyana woyamba kutenga chikho chachikulu chitengereni Rossi mu 2009, ndipo anachitenga pa Ducati, kampani yomwe inamukanika mphunzitsi wake. Zimenezi pa mndandanda wa zikho sizilembedwa.

Nanga Márquez? Mutandifunsa kuti ndani wothamanga kwambiri onse atakhala pa msinkhu umodzi ndi njinga imodzi, ndalama yanga ndingaike pa Márquez. Mnyamata uja amadzutsa njinga yomwe yagwa kale, pogwiritsa ntchito chigongono ndi bondo. Anathyoka mkono ku Jerez mu 2020, anachitidwa maopaleshoni anayi, ambiri n'kumati watha, koma anabwerera n'kutenganso chikho. Zimenezo musamulande.

Mnzanuyo adzakuuzani kuti Márquez nayenso anasiya Honda n'kukapambana pa njinga ina, ndipo n'zoona: anachoka kumapeto kwa 2023 n'kukakwera Ducati. Ndiye mumufunse kuti anachoka pa njinga yotani, kupita pa yotani. Honda ya 2023 inali yofooka ndipo inkamugwetsa kawirikawiri, pomwe Ducati inali itatenga chikho zaka ziwiri zotsatizana. Márquez anathawira kwa opambana. Rossi mu 2004 anasiya opambana n'kupita kwa omwe anali atatha zaka 11 opanda chikho.