Mwana akatha msinkhu, akauza ndani?

Mdzukulu wanga wa ku Matero, iwe wophunzitsa Sande sukulu, wafunsa ngati n'koyenera kulankhula za thupi ndi zibwenzi kwa ana a m'kalasi mwako, poti makolo ena akuti uwaphunzitsa chiwerewere. Ukufunanso kudziwa zaka zoyambira. Za zaka tiziike apo kaye. Mwa atsikana akowo, amene adzaone magazi koyamba pakati pa usiku, adzagogoda pakhomo pa ndani?

Ife kwathu ku Katete tinkagona m'kuka mwa agogo. Tsiku limene ndinakula sindinapite kwa amayi, zinali zosatheka. Ndinangokhala pamphasa misozi ili chuchuchu. Agogo anandiyang'ana kamodzi, n'kung'amba chitenje chakale, kundionetsa kapindidwe kake, kachapidwe kake, ndi poyanika poti amuna asaone. Anati mchere m'ndiwo ndisathire mpaka nditayera. Iwo ndiwo anakauza azakhali, azakhali n'kukauza amayi. M'kukamo tinkafunsa chilichonse moto ukuzilala, ngakhale za mnyamata amene wakuimika panjira ya kudambo. Agogo ndi mdzukulu sachitirana manyazi. Anyamata nawo anali ndi mphala yawo ndi amalume awo.

Mishoni ya Dutch, imene inafika ku Magwero mu 1899, inakana chinamwali cha ng'oma, koma ana sinawataye. Mpingo unaika chilangizo, ndi amayi okhwima m'chikhristu oti alangize mtsikana potha msinkhu, pokwatiwa ndi pa mimba yoyamba. Zina zakale zinayenera kutha ndithu, monga za fisi zija, ndipo sindizilira ayi.

Koma taona lero muno mu Lusaka. Alangizi timawakumbukira ukwati utatsala milungu iwiri, tiwalipire, avinitse mkwatibwi amene anadziwa zonse kalekale. Mtsikana wa zaka 12 ali m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ku Chawama, agogo ake ali kumudzi, ndiye amakafunsa foni. Foniyo imayankha, koma siona kuti mwana walira. Kusukulu, mu 2014, boma linaika maphunziro a za thupi ndi zibwenzi kuyambira Giredi 5, ndipo sindikunyoza. Koma mwana angakweze dzanja m'kalasi yodzaza n'kunena kuti amalume ena a pafupi amamugwiragwira akamutuma kukantemba? Agogo a m'kuka ankazimva zotere, nthawi zina mwana asanatsegule n'kamwa komwe.

Usade nkhawa, mtima wako uli pabwino. Ana aang'onowo auze poyera kuti thupi lawo analenga ndi Mulungu, ndipo palibe wamkulu wololedwa kuligwira mobisa, kaya ndi wachibale kaya wa mumpingo. Kugona ndi mwana wosakwana zaka 16 ndi mlandu waukulu m'Zambia muno, si nkhani yokambirana kuseri ndi akulu a mpingo. Nambala ya foni ya 116, yoimbira mwana akafuna thandizo, ailoweze pamtima ngati vesi.

Zotsalazo usasenze wekha, udakali mwana iwenso. Pita kwa amayi a Chigwirizano, ukawapemphe kuti mtsikana aliyense akhale ndi agogo ake a mumpingo, amene akudziwa pakhomo pawo ndipo angapiteko popanda kuitanidwa. Abusa nawo apeze azibambo odekha oti azicheza ndi anyamata. Ine pakhomo panga pamabwera atsikana atatu Loweruka, timasankha nyemba pa lichero. Wachitatuyo sanayambe kulankhula, koma akubwerabe.