Ukufuna SpaceX, koma masamu wapeza 7

Mnyamata wina wa Fomu 4 wandilembera kuti akufuna kudzagwira ntchito ku SpaceX, kampani ya Elon Musk ku America. Usiku sagona, amangoonera pa foni roketi zikubwerera pansi n'kutera chilili. Bambo ake akuti imeneyo ndi misala, achite za malamulo basi. Kumapeto kwenikweni, ngati wongokumbukira, akuti pa mayeso oyeserera masamu anapeza 7.

Makalata otere afika pondikwana. Ndiyambe ndi chowawa, mwana wanga. Lamulo la ku America lotchedwa ITAR limaika roketi m'gulu la zida zankhondo, ndiye SpaceX imalemba nzika za dzikolo ndi okhala ndi green card, chilolezo chokhazikika m'dzikolo. Ndi pasipoti ya Malawi, ngakhale upeze mapointi 6 pa MSCE, sakutenga.

Komanso nkhaniyi waiyambira pakati. Kampaniyi inayamba mu 2002, ndipo roketi yake yoyamba, Falcon 1, inagwa katatu. Mu 2006 inayaka moto itangonyamuka pa kachilumba ka Omelek m'nyanja ya Pacific, chifukwa nati imodzi inali itadyeka, mafuta n'kumadontha. Nati imodzi! Mu Ogasiti 2008 chigawo chapansi cha roketi yachitatu chinalekana bwinobwino ndi chapamwamba, koma injini inali ikukankhabe pang'ono, mpaka chinakagunda chinzakecho. Mainjiniya anawerengera, n'kuwonjezera masekondi ochepa odikira zigawozo zisanalekane, ndipo pa 28 Seputembala yachinayi inafika mumlengalenga n'kuyamba kuzungulira dziko. Ndalama zinali zitatsala pang'ono kutha pamene NASA, bungwe la boma la America loona za mumlengalenga, inawapatsa kontirakiti ya madola 1.6 biliyoni mu Disembala chaka chomwecho. Zotera chilili zija zinayamba mu Disembala 2015 ndi Falcon 9, ndipo anthu anayamba kuwanyamula mu Meyi 2020.

Amene anapeza masekondi aja anali anthu a masamu ndi fizikisi. Njira yako ndi imeneyo: uinjiniya wa makina kapena wa magetsi ku MUBAS, kapena uinjiniya wina ku MUST ku Thyolo. Ndi 7 sulowako, ngakhale ulire chotani. Foni ija uwapatse amayi ako azikusungira mpaka mayeso athe, uzipeza mapepala akale a MANEB n'kumawalimbana nawo tsiku ndi tsiku. Zikakanika, usanyoze sukulu za ntchito zamanja za TEVETA. Starship, roketi yayikulu ya SpaceX, ndi zitsulo zowotcherera, ndipo kuno kwathu, kumene Starlink, intaneti ya kampani yomweyi, inafika mu 2023, wodziwa mawaya ndi magetsi a dzuwa sakhala manja lende.

Inu bambo, mwana amene akudzifunsa chimene chimanyamula chitsulo kupita kumwamba mukumukankhiranji ku khoti? Digiriyo adzaigwirira ntchito ndi iye, osati inu. M'malo momutcha wamisala, mupezereni mphunzitsi wa masamu wa Loweruka.

Iwe, ukafika pa 3 undilemberenso, tikambe za mafomu a NCHE ofunsira malo ku yunivesite.