Ndalama zikukwanira chipangizo chimodzi kapena ziwiri: ndigule chiti?

Mayi wina wa ku Zomba watitumizira imelo. Akuti pakhomo pawo ndi anthu asanu, amaphikira pa hotipuleti ndi pa mbaula, ndipo ndalama zomwe asunga zingagule chipangizo chimodzi, mwina ziwiri. Akufunsa kuti pakati pa air fryer (yokazingira ndi mpweya wotentha), blender (yogayira zakudya), rice cooker (yophikira mpunga) ndi pressure cooker yamagetsi (poto wotseka wophika ndi mphamvu ya nthunzi), chowathandizadi tsiku ndi tsiku ndi chiti.

Mayi, gulani pressure cooker ya malita 6. Zomwe zimadya mayunitsi ndi makala m'makomo mwathu ndi ndiwo zokhalitsa pamoto: nyemba, nkhuku yachikuda, mang'ina, nyama ya ng'ombe yolimba. Mbale ya hotipuleti ya mawati 1,500 ikayaka mwamphamvu kwa ola lathunthu imadya yuniti imodzi ndi theka, ndipo nyemba zimafuna maola awiri kapena atatu. Pressure cooker yambiri ndi ya mawati pafupifupi 1,000, koma nthunzi ikangodzaza m'kati imadzithimitsa n'kumangoyaka mwa apo ndi apo. Mphika wa nyemba umapsa yuniti isanathe.

Kaphikidwe kake nkotere. Sankhani makapu awiri a nyemba, muziviike usiku wonse, m'mawa mutaye madziwo. Thirani ena opitirira nyembazo ndi zala ziwiri, ndi supuni imodzi ya mafuta yochepetsa thovu. Zonse pamodzi zisapyole theka la poto, chifukwa thovu la nyemba limakwera n'kutseka kabowo kotulukira nthunzi. Tchererani mphindi 25 mpaka 30. Zosaviika kapena zogonera chaka zimafuna 45. Ikalira musathamangire kutsegula, dikirani mphindi 15 kuti kachitsulo ka pa chivundikiro katsike kokha. Tomato muthire pambuyo pake, popeza kuwawasa kwake kumachedwetsa nyemba kufewa. Ambiri amadandaula kuti msuzi umatuluka wamadzimadzi. Nzoona, pakuti madzi sauma m'poto wotseka. Bwatitsani mphindi zingapo osavundikira, mukanyeko nyemba zina ndi chipande.

Mukaona nthunzi ikutulukira m'mbali, vuto ndi labala wa m'chivundikiro: wakhala mopotoka, wada kapena watha. Musanalipire, funsani ngati sitoloyo imagulitsa labala wapadera. Mpunga wa Kilombero umapsanso bwino m'menemu, choncho rice cooker iwalani.

Nsima yokha ayi. Poto wa m'kati ndi wopepuka, amazungulira mukamavundula. Apa pakuthandizeni ketulo yamagetsi, yomwe ndingaiike pachiwiri ngati mulibe. Mawati 2,000 asakuopseni: lita imodzi imawira m'mphindi zitatu kapena zinayi, zomwe ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a yuniti. Madzi owira kalewo muwasakanize ndi ozizira pang'ono musanathire ufa, kuopa mibulu. Ngati mumamwa madzi a pamjigo, pansi pa ketulo pamachita zoyera zolimba. Wiritsanimo viniga wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana, kenaka mutsukuluze.

Blender ndi yabwino pa tomato, madzi a mango ndi nsinjiro, koma mtedza muziugaya m'kabotolo kake kakang'ono, mtedzawo wouma bwino, mukuyatsa masekondi ochepa n'kuthimitsa. Mukapitiriza mafuta amatuluka, mupeza chiponde, ndipo mota imatentha. Air fryer ndi ya tchipisi ndi nkhuku yoyera. Kwa anthu asanu mudzaphika maulendo awiri. Idikire.

Chinanso, pulagi yathu ya mano atatu imanyamula ma amp 13, omwe pa mavoti 230 ndi mawati pafupifupi 3,000. Ketulo ndi hotipuleti pa ekisitenshoni imodzi zapyola kale malire, nchifukwa chake mumamva fungo la pulasitiki yopsa. Chilichonse chotenthetsa chilowe pa soketi yapakhoma. Magetsi akathima muzizule, popeza nthawi zina amabwera ndi mphamvu yoononga zida. Koma chivundikiro cha pressure cooker musatsegule, nyembazo zimapitiriza kupsa ndi kutentha komwe kwatsekeredwa m'kati.