Kwa achimwene amene akufuna kuyambiranso shopu ya zitsulo pakhomo

Achimwene, poyamba pepani kwambiri ndi zonse mwadutsamo. Mwalemba kuti mayi akunyumba anatisiya, kenako inuyo msana unavuta mpaka kuchitidwa opaleshoni, nyumba yaikulu ija munachokamo pano muli pa lendi pokhala ndi kagalaja kamodzi, zida zina munagulitsa zina zakhala m'mabokosi kwa achibale zaka zingapo, ndiye mukufunsa kuti muyambire pati komanso mugule chani choyamba. Ndaona ena akupatsani kale mayina a makina oti mugule, ine ndikuti musagule kanthu kaye. Komanso shopu yakale ija musalimbane nayo kuti ibwerere mmene inalili, chifukwa ija inali ya munthu wa msana wabwino, wokhala pamalo pake, ndipo m'nyumba munali wina woti akamva kukuwa athamangire. Pano zonsezo zasintha ndiye shopu yake iyenera kutengera inuyo wa lero ndi kagalaja muli nakoko.

Katengeni mabokosi aja muwatsegule panja masana, chilichonse muchiyale pansi muchione bwinobwino. Za magetsi zonse musalumikize tsiku lomwelo olo mtima ufune bwanji. Yendetsani kebulo iliyonse m'manja kuyambira ku pulagi mpaka pomwe yalowera, makoswe amakonda kutafuna mphira komanso mphira ikakhalitsa imauma nkung'ambikang'ambika. Tsegulani zivundikiro mupemerere fumbi, muone ngati mavu sanamangemo, mota muyizunguze ndi dzanja mumve ngati ma bearing akukhulana. Ngati katunduyo anali pa chinyezi musiyeni pouma ndi potentherako masiku angapo, ndipo makina owotcherera ndi mota zikuluzikulu kuli bwino wa magetsi aziyeze insulation musanayatse. Ma brush a mu grinder ndi mu drill muwaonenso, savuta kusintha.

Ma disc akale a grinder tayani onse, apa nde ndikukupemphani ndithu. Pa kachitsulo kapakati paja pamadindidwa deti yothera, nthawi zambiri ndi zaka 3 kuchokera pomwe anapangidwa, chifukwa zomatira zake zimamwa chinyezi nkufooka pomwe ndi maso disc ikuoneka yabwinobwino. Grinder ya 115mm imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi, disc ikasweka pa liwiro limenelo zidutswa zake zimalowa m'thupi. Mwala wa bench grinder uchotseni, muukoloweke pa chala pabowo paja ndikuugogoda pang'ono ndi chogwirira cha mtengo, ukalira ngee ndi wabwino, ukalira mogontha ndiye kuti uli ndi mng'alu mkati, utayeni. Pobwezeretsa, kachitsulo kotsamirapo kaja kasatalikane ndi mwala kupitirira 3mm.

Ma rod owotcherera nawonso amamwa chinyezi. A 6013 ngati chikutiro chake sichikuyoyoka mutha kuwaumitsa pa kutentha pang'ono nkumaphunzirira, koma a 7018 kuti aume moyenera amafuna uvuni wotentha kupitirira madigiri 250, ndiye pa chinthu choti chidzanyamula katundu kapena munthu ingogulani atsopano. Helemeti ngati ndi yodzidetsa yokha ija, batire yake imafa ikakhala mumdima nthawi yaitali, iyeseni kaye ndi kamoto ka laitala muone ngati ikuda, musakayesere pa arc, moto wowala wa powotcherera uja. Kuda kwa galasi lake, shade 10 kapena 11, ndi kokwana pa ntchito za pakhomo. Ndipo maso amasintha achimwene, ambiri akabwerera ku welding amadandaula kuti dzanja latha pomwe vuto ndi loti sakuona bwino pomwe chitsulo chikusungunuka, kuli timagalasi tokuza toika mkati mwa helemeti, timathandiza kwabasi.

Ngati munali ndi zowotcherera za gasi, mapaipi a mphira aja musawakhulupirire, sinthani, polumikizira ponse yesani ndi madzi a sopo, ndipo pa regulator ya oxygen pasafike oilo kapena girisi olo dontho chifukwa zimayaka zokha. Koma kunena zoona mu kagalaja kogundana ndi nyumba yogonamo, ya lendinso, ine gasi woyaka wa acetylene sindingasungemo. Compressor tsegulani kampopi kapansi madzi atuluke, thanki imadyeka dzimbiri kuyambira mkati, ndipo ikakhala kuti yayamba kuchucha musaiwotcherere, yatha basi.

Za dzimbiri pa masipanala ndi ma clamp musade nazo nkhawa, zivikeni mu viniga usiku umodzi, mutsuke ndi madzi a soda, muumitse nkupaka oilo. Zoyezera monga vernier ndi micrometer, ndi poyenda lathe (makina osemera zitsulo mozunguza) zokha musaike mu viniga, zimenezo ndi oilo ndi kupukuta mofatsa basi.

Mukatha apo nde muziona malo. Landilodi muyankhule naye poyera musanayatse chilichonse, maneba chimodzimodzi, mugwirizane maola, chifukwa grinder imasokosa kupitirira ma decibel 90 ndipo munthu ukayamba mobisa mapeto ake ndi kusamutsidwa. Makutu anunso muzitseka, phokoso likadutsa 85 kwa nthawi yaitali limaononga. Kaoneni pa bokosi la ma breaker kuti soketi ya mu galaja ili pa breaker ya ma amp angati komanso ikugawana ndi chani, ndipo earth ilipo kapena ayi. Pa magetsi a 230V soketi wamba imapirira ma amp 13 kapena 16, kamakina kowotcherera ka inverter kakang'ono kakuwotcha rod ya 2.5mm pa ma amp 70 mpaka 90 kamayenda bwinobwino pamenepo, koma mukakwera pa 3.2mm yomwe imafuna 100 mpaka 130 breaker itha kuyamba kugwa, makamaka ngati furiji ndi ketulo zili pa mzere womwewo. Extension ikhale yaifupi, ya waya wa 2.5mm², ndipo muziitambasula yonse, ikakhala yokulungidwa imatentha.

Moto ndi umene ndimaopa kwambiri pamalo pang'ono. Masipaki a grinder ndi welding amatha kuuluka mpaka mamita 10, amakalowa pansi pa chitseko kapena m'katoni nkumanyeka mwakachetechete, moto kudzabuka inu mutagona. Ndiye petulo, penti, thinner, makatoni, nsanza za oilo, zonsezo zituluke mu galaja, ndipo ndikudziwa kuti munthu ukasamukira m'nyumba yaing'ono galaja ndi imene imasanduka sitolo ya katundu wa pabanja, mwinanso muli zovala ndi zithunzi za mayi, chonde zimenezo zipezereni malo ena. Chozimitsira moto cha ufa chikhale pafupi ndi khomo kuti pochitenga mukhale muli kotulukira, ndipo mukamaliza kuwotcherera khalani pomwepo osachepera mphindi 30 mukusesa ndi kulongedza musanatseke. Chitseko chizikhala chotsegula powotcherera, fani ikukankhira utsi panja. Zitsulo za galvanised, zokutidwa ndi zinc zija, palani kaye zinc pomwe mukuwotcha chifukwa utsi wake umadwalitsa, kuzizidwa ndi kuphwanya thupi usiku. Chitsulo chotsukidwa ndi brake cleaner ya chlorine chisafike pa arc, imatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa phosgene. Diramu yomwe munali mafuta musaidule kapena kuiwotcherera olo wina alumbire kuti anaitsuka.

Tsopano za msana wanu, apa ndi pomwe shopu yonse iyenera kuyambira. Afunseni adokotala kapena a physio akuuzeni makilogalamu oyenera kunyamula, ndipo nambala imeneyo ndiyo isankhe makina. Makina owotcherera akale a transformer aja amalemera makilo 30 kapena kuposa pomwe inverter ya 160A imangokhala cha m'ma 5, mumainyamula ndi dzanja limodzi, ndiye ngati akale aja alipobe mutha kuwagulitsa ndalama yake ithandizire. Pogula onani duty cycle pa kachikwangwani kake, ndiyo nthawi yomwe makina angawotche asanafune kupuma, imawerengedwa pa mphindi 10, akalemba 60% pa ma amp akutiakuti ndiye kuti mphindi 6 kuwotcha 4 kupuma, ndipo imeneyo imakuuzani zambiri kuposa nambala yaikulu amalemba pa bokosi ija. Pamwamba pa vayisi pafanane ndi chigongono chanu mutaimirira kuti pochekacheka ndi popala musamawerame. Chilichonse cholemera chikhale pa mawilo okhala ndi buleki, pansi pasamakhale zida zoti muziwerama potola, pezani kampando koti muziwotcherera mutakhala, dzanjanso limakhazikika bwino mukakhala pansi. Zitsulo zambiri zimabwera zotalika mamita 6, apempheni akudulireni komweko.

Ndiye pali nkhani yoti pano mukugwira nokha m'nyumba mopanda wina. Foni izikhala m'thumba, osati pa benchi, ndipo pakhale munthu mmodzi amene mumamuuza kuti ndalowa mu shopu, ndatuluka. Pa drill ya pa benchi ndi pa lathe osavala magolovesi kapena malaya olendewera manja, chitsulo chomwe mukuboola muzichimanga ndi clamp. Ngati mukumwabe mankhwala a ululu ogonetsa aja, tsiku lomwelo grinder isayake. Komanso chisoni chimabwera osagogoda, pali masiku oti thupi lili pa benchi maganizo ali kutali, masiku otero lowanibe mu shopu ngati mtima ukufuna koma muzingosankha mabauti, kupala ndi tupa, kupukuta zida, zimenezonso ndi ntchito ndipo sizingakudulitseni chala.

Zogula zake ndi zochepa: vayisi yabwino, grinder yaing'ono yokhala ndi guard yake, drill, inverter, ma clamp okwanira, sikweya, tepi ndi matupa atsopano ngati akale abuntha. Zina zonse muzigula ntchito ikazifuna. Lathe idikire kaye mpaka mutadziwa kuti pamalopo mukhalitsa, chifukwa kuisamutsa ndi kuikhazikanso pa levulo ndi chintchito, ndipo ndi msana wotero mudzadalira anthu ena nthawi zonse.

Musanapange chilichonse tengani zidutswa za zitsulo muziyendetsa mizere basi mpaka dzanja likumbukire, silichedwa kwa munthu amene anazichitapo. Kenako lumikizani tizitsulo tiwiri ngati T mbali imodzi, mumange pa vayisi nkumenya ndi hamala mpaka kuthyoka, mkatimo ndi momwe mudzaone ngati weld ikulowa kapena yangokhala pamwamba. Ntchito za anthu monga mageti ndi ma trailer musalandire musanakhutire ndi zimenezo, olo akunyengerereni chifukwa amakudziwani kale. Chinthu choyamba kupanga chikhale benchi yanu yomwe, miyendo ya square tube ya 40x40mm, pamwamba plate ya 5 kapena 6mm, kukula kwake mwina 1.2m ndi 60cm kuti muzizungulira mbali zonse, mawilo pansi ndi shelefu yoikapo inverter. Yambani ndi ma tack okhaokha, timadontho ta weld togwirizira, muyeze mopingasa kona ndi kona mbali ziwiri zifanane, kenako muziwotcha mosinthanasinthana makona kuti kutentha kusakokere mbali imodzi.

Mukatsegula mabokosi aja jambulani tizikwangwani ta pa makina onse pamodzi ndi bokosi la ma breaker, mutiuzenso kukula kwa galajayo ndi komwe kuli khomo ndi windo, muike pompano tione limodzi zoti zisungidwe, zoti zigulitsidwe komanso pomwe benchi ingakhale bwino.