Ku intavyu ya ku Britain, "ife" amakudyerani malikisi

Mayi wina wokhala ku Leeds wanditumizira imelo. Anagwira unamwino kumudzi zaka 8, kaundula wa NMC, bungwe lolembetsa anamwino ku Britain, analowamo kale, koma ma intavyu atatu onse abwerako chimanjamanja. Atafunsa chifukwa, anamuuza kuti mayankho ake sankaonetsa zimene iye mwini anachita. Funso lake ndi lakuti: kodi si tsankho limeneli?

Achemwali, tsankho liliko, ndisakunamizeni. Koma pa nkhani yanuyi ndikukayikira ulemu umene tinaleredwa nawo. Kwathu munthu wolongosoka sanena kuti "ndinapulumutsa wodwala". Amati "tinayesetsa", ngakhale usikuwo anali yekhayekha m'wodi. Kudzitchula wekha timati ndi matama. Tsono "tinayesetsa" uja mukamunena m'Chingerezi amatuluka "we", pamene anthu ali kuseri kwa tebulo aja ali ndi pepala lolembapo malikisi pa funso lililonse. Akamva "we" cholembera chimaima, chifukwa sakudziwa ngati munali inu, dokotala kapena mnzanu wa pashifiti.

Mafunso ambiri a ku NHS, bungwe loyendetsa zipatala za boma ku Britain, amafuna chitsanzo chenicheni, ndipo njira yoyankhira imene amaikonda amaitcha STAR: zinthu zinali bwanji, udindo wanu unali wotani, inuyo munachitanji, zinatha bwanji. Gawo lachitatulo ndiye nsima yake, ndipo liyambe ndi "I". Konzekeranitu nkhani zinayi kapena zisanu, muzizinena mokweza kukhitchini mpaka manyazi atathe. Ine lilime linkandilemera kwa sabata yathunthu, ngati ndikunyoza anzanga amene ndinagwira nawo ntchito.

Zina ndi zazing'ono. Akati mudzifotokoze, sakufuna mudzi, mfumu yaikulu ndi boma monga timachitira kwathu, akufuna mbiri ya ntchito. Za banja, ana kapena mpingo musaziyambe nokha. Lamulo la Equality Act la 2010 limaletsa kusankha munthu potengera zinthu ngati chipembedzo, zaka zakubadwa kapena kukhala ndi pakati, choncho iwo eni amazipewa. Kuzolika kumene agogo ankakuyamikirani nako, kumeneko amaona ngati mukubisa kanthu, ndiye ayang'aneni. Akadzitchula ndi dzina loyamba, aitaneni nalo lomwelo.

Pomaliza adzakufunsani ngati muli ndi funso. Musakane poopa kuwavutitsa. Afunseni kuti namwino mmodzi amasamala odwala angati usiku, nanga watsopano amamuthandiza bwanji miyezi yoyambirira.