Kodi terahertz ingatipatse X-ray ya patebulo?

Aphunzitsi ena a fizikisi ku Area 25 andilembera imelo: "Ndamva kuti mafunde a terahertz athandiza kupanga X-ray ndi makina aang'ono. Ndiye kuti zipatala zathu zilandira makina otere?"

Aphunzitsi, sizojambulira mafupa ayi. Terahertz ndi mafunde a kuwala kosaoneka ndi maso, ogwedezeka pafupifupi ka thiriliyoni imodzi pa sekondi. Asayansi ofufuza nkhaniyi akufuna kuwala kong'anima kanthawi kochepetsetsa, koonera mmene maelekitironi amayendera m'kati mwa zinthu.

Mu 1987 Anne L'Huillier ndi anzake ku Saclay, ku France, anawalitsa leza yamphamvu pa mpweya wa argon, ndipo panatuluka kuwala kwa mafunde aafupi kwambiri kuposa amene analowa. Chifukwa chake anachilongosola Paul Corkum mu 1993: leza imazula elekitironi mu atomu, kuithamangitsira kutali, kenako mphamvu ya lezayo ikatembenuka imaibweza. Ikagunda pomwe inachoka, liwiro lonse lija limasanduka kuwala.

Vuto ndi malire. Elekitironi imabwerera ndi mphamvu yosaposa pafupifupi 3.17 kuchulukitsa mphamvu yomwe imagwedezeka nayo mu leza. Mukawonjeza ukali wa leza, maatomu ambiri amayoyoka maelekitironi ndipo kuwalako kumasokonekera. Mukatalikitsa funde malire amakwera. Mu 2012 gulu la Margaret Murnane ndi Henry Kapteyn linafika 1.6 keV (eV ndi muyeso wa mphamvu ya kuwala; keV imodzi ndi ma eV 1,000) ndi leza ya 3.9 micrometre. Koma funde likatalika chotere, atomu iliyonse imatulutsa kuwala kochepa zedi.

Apa ndiye pokoma: kuwalitsa terahertz pa mpweya uja limodzi ndi leza. Funde la leza ya 800 nanometre limatembenuka m'mafemtosekondi 2.7 okha, pamene la terahertz imodzi limatenga 1,000 (femtosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni biliyoni a sekondi). Kwa elekitironi, terahertz ili ngati mtunda wosasuntha: wakabaza wotsetsereka amafika ndi liwiro loposa la pachidikha, wokwera amafika atafooka. Choncho maelekitironi obwerera mbali imodzi amagunda mwamphamvu, malire aja n'kusunthira cha ku X-ray. Ndipo poti mbali ziwirizo sizifanananso, kumatulukanso mafunde omwe mpweya pawokha sutulutsa, monga ochulukitsa kawiri kapena kanayi.

Chovuta n'chakuti terahertz yofooka sisuntha malire kwenikweni, ndipo kupanga yamphamvu, mwachitsanzo ndi kristalo ya lithium niobate, kumadya mphamvu yambiri ya leza.

Komabe nkhaniyi ndimaitsata ndi mtima wonse. European XFEL, leza ya X-ray ya ku Hamburg, ndi yotalika makilomita 3.4, ndipo mu Africa monse mulibe synchrotron (makina akuluakulu ozungulira otulutsa X-ray) ngakhale imodzi. Makina okwana m'chipinda chimodzi, ofika pakati pa 284 ndi 540 eV pomwe madzi amadutsitsa kuwala koma kaboni amakumeza, ndi amene yunivesite ya kuno ingayerekeze kuwalakalaka, bola magetsi akhale osadukiza.