Supercharger pa Cortina ya malemu bambo: yankho kwa achimwene a ku Ulongué

Imelo ya sabata ino yachokera ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo mwachidule ikuti: "Malemu bambo anandisiyira Ford Cortina bakkie ya injini ya 3.0 V6. Ndikufuna kuikapo supercharger kuti ndizikapikisana nayo pa mjaho wa mamita 402. Ndigule iti, nanga ndiitchune bwanji kuti injini isafe?"

Zikomo achimwene posataya galimoto ya bambo. Injini yanuyo ndi Essex V6 ya 2,994 cc, yomwe Ford inapitiriza kupanga ku Joni mpaka chaka cha 2000, n'chifukwa chake zipangizo zake zikupezekabe. Ndi injini yachitsulo, yopirira, koma ndi yokalamba. Musanagule kanthu, makaniko ayeze kompuleshoni ya masilinda onse 6. Ngati imodzi yatsalira anzake ndi magawo oposa 10 pa 100, ndalama ya supercharger (chida chopopera mpweya wochuluka m'injini kuti mphamvu zionjezeke) iyambe yapita ku maringi ndi mavalavu. Potsegula injiniyo, chotsani giya ya taimingi ija ya mano a fayiba, muikepo yachitsulo, chifukwa imeneyo ndiyo imathothoka mano pa Essex. Kamtengo koyendetsa pampu ya oyilo nakonso kakhale katsopano. Maringi apamwamba muwasiyire mpata wokulirapo pang'ono, pakuti akatentha amafutukuka, nsonga zake zikakumana n'kuswa pisitoni.

Supercharger yoti mugule ndi ya mtundu wa Roots. Abale awiri a dzinali anaipangira ng'anjo zosungunulira chitsulo ku America, n'kuilembetsa mu 1860, ndipo ntchito yake ikadali ya mvukuto: ikazungulira kamodzi imakankha mpweya wa muyezo womwewo. Ma supercharger awiri a mtunduwu akukuyenerani. Eaton M90 imakankha pafupifupi malita 1.5, ndipo inkabwera pa Ford Thunderbird Super Coupe ndi injini za 3.8 za GM. Toyota SC14 imakankha pafupifupi malita 1.4, inkabwera pa Estima zina zakale, ndiye kuno kwathu kodzaza galimoto za ku Japan ndi yomwe mungaipeze msanga kwa ophwasula galimoto. Zimphona zija za 6-71 zotulukira pa boneti, zomwe zinachokera ku injini za dizilo za GMC, zisiyireni a V8.

Masamu ake ndi awa. Injini ya malita 3 ikazungulira kamodzi imameza malita 1.5. Pule ya pa kirankishafuti ikakula kuposa ya pa supercharger kamodzi ndi theka, M90 idzakankha malita 2.25 pamalo pa 1.5, ndipo boost, mphamvu yoonjezera imene mpweya ukukankhidwa nayo, idzakhala cha m'ma 0.5 bar. Ndi SC14 idzakhala cha m'ma 0.4. Imani pomwepo. Kompuleshoni ya Essex ili pafupi ndi 9:1, mapisitoni ake ndi wamba, ndipo wokuuzani kuti muike pule yaing'ono mupeze 1 bar sadzakhalapo tsiku logula injini ina. Lamba akhale wa mizere 6, poti fanibeluti wamba amaterereka. Muikenso bypass valve kuti mukachotsa phazi mpweya upeze kothawira.

Tsopano mfundo yomwe ndikufuna muigwiritse kuposa zonse. Inu mumakhala pamwamba, mamita oposa 1,200, kozizira. Mzinda wa Tete uli pansi m'mbali mwa Zambezi, sufika n'komwe mamita 200, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Kumusiko mpweya umapanikiza kwambiri kuposa kwanu, kusiyana kwake pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8, ndiye masilinda amadzaza kwambiri ngakhale pule ili yomweyo. Onjezanipo kutentha. Roots imawotcha mpweya pouphatikiza: wa madigiri 40 ukakankhidwa pa 0.5 bar umatuluka utadutsa madigiri 100. Mpweya wochuluka ndi wotentha chotere umayatsa petulo mwachisawawa, injini n'kuyamba kulira kuti tiki-tiki-tiki mukaponda. Kugogoda kumeneko kumaboola pisitoni kapena kuwotcha gasiketi m'masekondi ochepa, ndipo ekizozi ikakhala yaphokoso simukumva n'komwe. Choncho galimoto yoyenda mokoma m'mawa wa Juni ku Angónia itha kufera pa mzere woyambira ku Tete. Muitchunire komwe mukathamangire, pa ola lotentha, osati pakhomo panu. Intercooler, chida choziziritsa mpweya wochokera m'supercharger usanalowe m'injini, kwa ine si chokongoletsera, ndi yofunika ngati radiyeta, ndipo radiyetayo ikhale yaikulu ndi fani yamagetsi.

Intercooler ikutanthauza kuti supercharger izipopera mpweya m'kabuleta. Weber 38 DGAS yanuyo imatha, koma ifunika kukonzedwa: chipewa chomata bwino pamwamba, floti yomwe singafwaphike ndi mphamvu ya mpweya, ndi majeti akuluakulu. Pampu ya petulo ya pa injini siikwana. Ikani yamagetsi pamodzi ndi regulator yotsatira boost, kuti petulo azikankha ndi pafupifupi 0.25 bar pamwamba pa mpweya nthawi zonse. Mukapanda kutero mpweya umabweza petulo, kabuleta imauma muli pakati pa mjaho.

Musatchune ndi khutu kapena mtundu wa utsi. Gulani geji ya wideband, yoonetsa kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi petulo, ndi ya boost. Poyenda wamba geji ya wideband izionetsa pafupi ndi 14.7, koma mukaponda mpaka pansi izitsika kufika pakati pa 11.5 ndi 12. Ikakwera ku 13 boost ilipo, chotsani phazi nthawi yomweyo. Petulo wochulukirapo pang'ono amaziziritsa pisitoni, ndipo kuwononga malita awiri n'kotchipa kuposa injini. Taimingi nayo ibwerere m'mbuyo: amisiri amayambira pa digiri imodzi pa psi iliyonse ya boost, kutanthauza madigiri 7 pa 0.5 bar, poti 0.5 bar ndi pafupifupi 7 psi. Ku Tete ine ndingayambire m'mbuyo kuposa apo, n'kumaonjezera digiri imodziimodzi, ndikumasula mapulagi kuona ngati ali ndi timadontho takuda kapena tonyezimira. Mapulagiwo akhale ozizirirapo ndi sitepe imodzi, mpata wake wochepetsedwa. Petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu asalowe m'thanki imeneyi.

Kilatchi yakale idzaterereka tsiku loyamba, gulani yolimba. Bakkie ndi yopepuka kumbuyo, ndiye matayala abwino ndi kupopa kocheperako zidzakudulirani nthawi kuposa boost yoonjezera. Mabuleki, lamba wa pampando, helemeti ndi chozimira moto zikhalepo musanayese ulendo woyamba.

Komwe mukayesere kukhale malo otsekedwa, ndi chilolezo cha akuluakulu a deralo. Ndikukupemphani ndi mtima wonse, osati pa msewu waukulu wa N7. Pakati pa Tete, Moatize ndi Zóbuè pali mathiraki, njinga zamoto ndi ana a sukulu, ndipo Cortina ya zaka 40 siima ngati galimoto ya lero. Za mijaho yovomerezeka funsani a ATCM, bungwe la za mipikisano ya magalimoto, omwe ali ndi bwalo la mipikisano ku Maputo, ndipo za mapepala a galimoto yosinthidwa injini mukafunse ku INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto, musanaitulutse pamsewu. Mukayeza kompuleshoni ija munditumizire manambala a masilinda onse 6 ndi kukula kwa pule ya pa kirankishafuti, tidzawerengere limodzi pule yoti mugule.